Mchenga uli m'munda mwako

Domasi,
Lachinayi masana.

Mwana wanga Tiyamike,

M'mawa uno ine ndi amalume ako a Bauleni takumba maenje atatu m'munda mwako wa kumtsinje uja. Pa dzenje loyamba, la kufupi ndi njira, tapeza dothi lakuda mchenga utafika m'mawondo. Pa lachiwiri, la pakati pa munda, mchenga wafika m'chiuno. Lachitatu, la m'mbali mwa madzi, amalume ako alowamo mpaka m'chifuwa osapeza dothi, ndipo tasiya chifukwa m'mbali mwake munayamba kugumuka. Ndayeza ndi ndodo. Ndafuna kuti uchoke utamva zimenezi kwa ine, osati kwa anthu a m'minibasi.

Mawa ukupita ku Ntcheu kwa amuna ako a Lameki. Ukwati tinadalitsa Loweruka, ankhoswe anamaliza zawo, amayi a kumpingo anakulangiza za m'nyumba, ndipo zimenezo sindibwereza. Ine ndikulemba za munda, chifukwa munda ndi umene wakuchotsa pano. Kwathu kuno mwana wamkazi sachoka. Mwamuna ndiye amabwera, n'kupatsidwa pomanga ndi polima. Agogo ako aakazi anabadwira pano n'kumwalirira pompano, ndipo amayi ako sanagonepo mwezi wathunthu kwina. Pa mbumba yonseyi iwe ndiwe woyamba kupita ku chitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamuna. A Lameki anali okonzeka kubwera. Ukukumbukira tsiku limene anadzaona malo, anayenda pamchengapo nsapato zili m'manja. Amalume ako ndiwo anayankhula: "Mkamwiniyu timupatsa chiyani pano, khasu kapena fosholo?" Anthu anaseka pang'ono, nkhani ya chitengwa n'kuyambira pomwepo.

Pakamwa sinditha kunena zinthu zotere, umandidziwa. Ndiye ndakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepala, pamene amayi ako akumanga katundu wako m'nyumbamo. Ndikuuza zolakwa zanga, zina ukuzidziwa mbali imodzi, zina sunazimvepo.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Thyolo ndili mphunzitsi wachinyamata. Kwathu munda unali kachigamba pakati pa minda ya tiyi, woti ukayima pakati umaona malire onse anayi. Nditakwatira amayi ako n'kundionetsa munda wa kumtsinjewo, ndinadabwa kuona kuti mapazi makumi awiri omaliza, kufikira kumadzi, anangowasiya bango lokhalokha ndi mikuyu iwiri. Ine ndinaona ngati kuwononga malo. Nthawi imeneyo m'mudzi muno ankanditchula "mkamwini wa choko", ankati manja anga ndi osalala ngati a mwana. Zinkandiwawa. Ndiye pa tchuthi cha Ogasiti ndinatenga chikwanje, ndinatchetcha bango lonselo, ndinawotcha, ndinazula ndi mizu yomwe, mikuyu ija ndinagwetsa. Milungu itatu, ndekha. Amalume ako anadutsa pa njinga n'kuyima, mwendo umodzi pansi. Anati, "Alamu, mtsinjewu mukuuvula chitenje masana ano? Tsiku lina udzakuchititsani manyazi." Pachilamu timanyozana tsiku ndi tsiku, ndiye ndinawayankha kuti manyazi ali ndi munthu amene akuyendetsa njinga yopanda mabuleki. Tinaseka, iwo n'kumapita.

Agogo ako, apongozi anga, sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo ankapatuka n'kulowa m'udzu, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndiye mawu awo anawatumiza kudzera mwa amayi ako. Amayi ako anabwera madzulo n'kundiuza kuti, "Amayi akuti mwagwira ntchito yaikulu." Ndinasangalala sabata yonse. Patapita zaka zambiri, agogo ako atamwalira kale, m'pamene amayi ako anandiuza mawu enieni amene anatumidwa. Anali akuti, "Ukamuuze mlendo wakoyo kuti bangolo si ulesi wathu. Ndi limene limagwira mtsinje." Amayi ako anaopa kunena, chifukwa ukwati unali watsopano ndipo ine sindinkachedwa kukhumudwa. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala munthu womvetsera, akanandiuza.

Choipa chake n'chakuti kwa zaka zambiri cholakwa changacho chinkaoneka ngati nzeru. Pamalo amene ndinazula bango panali chinyezi chaka chonse. Tinkalima tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi, amayi ako n'kumakagulitsa pa Songani. Yunifolomu yako yoyamba ya kusekondale inachokera pamenepo. Mvula itayamba kuvuta, minda ya kumtunda n'kumapsa chaka ndi chaka, anthu onse anatsikira kumtsinje n'kumatchetcha bango lawo, akuti tichite ngati aphunzitsi. Ine ndinali woyamba, Tiyamike. Zimenezi uzidziwe.

Kumene ukupitako udzakhala mlendo monga ndinalili ine, ndipo udzafuna kuonetsa kuti mtengwa wa ku Zomba si waulesi. Udzapeza zinthu zooneka ngati anaziiwala, mzere wa udzu pakati pa munda wotsetsereka, mtengo woyima pamalo oipa, kachigawo kosalimidwa. Usazikhudze chaka choyamba. Ufunse kuti anazisiyiranji. Ndipo apongozi ako akakutumizira mawu kudzera mwa munthu wina, ngakhale kudzera mwa amuna ako, umufunse wotumidwayo kuti, ananena mawu ati enieni? Anthu amene amatikonda ndi amene amatichepetsera mawu. Usaiwale zimenezi.

Sindikufuna kuti uchoke ndi bodza la mbali inayo, loti bambo ako ndi amene anakwirira munda wako. Ndawerenga zimene ndatha kupeza, ndamvetseranso akatswiri a zanyengo pa wailesi. Dziko likutentha, nyanja yaikulu kumene anamondwe amabadwira ikutenthanso, ndipo mvula imene kale inkagwa pang'onopang'ono mwezi wonse tsopano imatha kugwa masiku atatu n'kusowa. Zimenezi sizinayambire m'dambo mwathu muno, ndipo bango lililonse silikanaletsa madzi amene anatsika m'phirimo nthawi ya namondwe uja. Koma pali china chimene ndinachiona ndi maso. Che Saidi, amene tinagundana nawo malire, bango lawo sanatchetche, chifukwa amaluka nalo mphasa. M'munda mwawo madzi analowa, mchenga unafika m'kakolo, ndipo chaka chomwecho anabzalamo mbatata. Mtsinje unang'ambira kwa ife, pamene panali mikuyu ija. Ndiye ukamva wina akuti zonse ndi nyengo, wanena theka. Ukamva wina akuti zonse ndi aphunzitsi, nayenso wanena theka.

Cholakwa china ndi cha kope langa la mvula. Unkaliona uli mwana, la chikuto chofiira lija. Ndinakhoma chitini pa mtengo kuseri kwa nyumba, ndipo mvula ikagwa ndinkayeza madziwo ndi lula n'kulemba tsiku lake. Ndinachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri. Kopelo linandionetsa kuti chizimalupsa, mvula yonyenga yozimitsa moto wa m'tchire ija, imadutsa mu Okutobala, ndipo mvula yobzalira imafika sabata yachitatu ya Novembala. Kwa nthawi yaitali zinkachitikadi motero. Anthu anayamba kubwera pakhomo kudzafunsa kuti, "Aphunzitsi, kope likuti chiyani?" Ndinkasangalala nalo funso limeneli kuposa mmene ndinkaonetsera.

Kenako chinafika chaka chimene iwe unali Fomu Thuu. Mvula inagwa pa sabata yake yeniyeni, yamphamvu, masiku awiri. Ndinabzala mbewu yonse ya chimanga imene tinali nayo, ndinafesanso mpunga pa nazale, ndipo aliyense amene anandifunsa ndinamuuza kuti bzalani. Che Saidi ndinawapeza atagwada m'munda mwawo akufukula dothi ndi dzanja. Anandionetsa kuti pansi pa zala zawo panali fumbi. Ndinawauza zimene kope likunena. Anapukuta dzanja pa mkanjo wawo n'kunena kuti, "Kope lanulo linapita kusukulu, aphunzitsi, koma mvula ya masiku ano sinapiteko. Siidziwa kuwerenga." Iwo sanabzale.

Dzuwa linaswa mtengo milungu inayi. Chimanga chinamera bwinobwino, mizere yowongoka, kenako chinapota masamba n'kugona. Mbewu yobwerezera tinalibe. Mbande za mpunga zinakalambira pa nazale podikira madzi a m'dambo, ndipo pamene tinkawokera zinali zitatha miyezi iwiri, zazitali, zolimba ngati udzu wofolera, moti ngala zake zinatuluka zochepa. Chaka chimenecho ndi chimene amayi ako ankakwera phiri kukatola nkhuni zokagulitsa, n'kumabwera khosi litauma. Ndi chaka chimene tinkawiritsa mango osapsa. Iwe unkati ukakhuta kusukulu, ndipo ife tinkanamizira kukukhulupirira.

Pakati pa anthu amene anamvera kope langa panali mayi wamasiye wa kumpingo kwathu, a Nachisale. Anabzala mbewu yawo yonse tsiku limene ndinawauza. Sanandinenepo kanthu. Lamulungu lililonse ankandipatsa moni wa ulemu, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi," n'kugwira bondo. M'mwezi wa Febuluwale anatumiza ana awo awiri kwa achibale ku Naisi chifukwa analibe chowapatsa, ndipo mmodzi sanabwererenso kusukulu. Akanandilalatira ndikanapeza poyankhira.

Manambala a m'kopemo sanali abodza. Ankanena zoona za mvula imene inali itapita, ndipo ine ndinawatenga ngati akunena za mvula imene ikubwera. Ndiye iwe, mwana wanga, mbewu uziigawa patatu. Gawo loyamba ubzale dothi likanyowa mpaka pamene dzanja lako lalowa lonse, osati pamene mwezi wakwana. Lachiwiri udikire nalo. Lachitatu ulibise ngati kulibe, ngakhale amuna ako akwiye. Za pa wailesi uzimvera, zimathandiza, koma ukamva upite ukafukule wekha. Usadalire chimanga chokha. Nandolo, chinangwa ndi mbatata zinatipulumutsa zaka zimene chimanga chinatikana, ngakhale kuti ine kale ndinkati si chakudya. Ndipo usamuuze munthu tsiku lobzala ngati ulibe mbewu yoti udzamupatse ikapsa. Usaganizenso kuti ku Ntcheu ukuthawa zimenezi. A Lameki anandiuza okha kuti kasupe amene amathirira mbatatesi kwawoko anauma chaka chatha mwezi wa Sepitembala, chinthu chimene bambo awo sanachionepo. Mbewu uziigawa patatu.

Cholakwa chomaliza sindinauzepo munthu aliyense, ndipo ndi chimene chimandilemera kwambiri. Namondwe uja atadutsa, madzi ataphwa, ine ndi amayi ako tinapita kukaona munda. Iwe unali ku koleji. Tinasiya mpunga utayamba kutulutsa ngala, tinakapeza bwalo loyera la mchenga kuchokera kunjira mpaka kumtsinje, loti n'kumenyerapo mpira. Amayi ako anayenda uku ndi uku kufunafuna malire, osawapeza. Kenako anayima pakati n'kundifunsa kuti, "Bambo a Tiya, tikapalasa mchengawu, Tiya adzalima, eti?" Ine ndinathyola ndodo, ndinaibaya pansi, inalowa yonse. Ndinayankha kuti, "Pano sipadzameranso kanthu ife tili moyo. Mundawu watha." Amayi ako anamanganso chitenje chawo bwinobwino, anatembenuka, n'kubwerera kunyumba okha.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondekonso. Dzinja ladutsa kawiri. Akamapita kudambo kukathandiza anzawo kuwokera mpunga amazungulira njira ya kumzikiti, yaitali ija, kuti asadutse pamundapo. Sitinakanganepo za nkhaniyi. Amandiphikira, timapita limodzi kutchalitchi, koma za mundawo sanazitchulenso kwa ine ngakhale kamodzi. Zinanditengera miyezi kuti ndimvetse kuti tsiku lija sankandifunsa za kuya kwa mchenga. Ndodo nawonso ankaiona. Ankandifunsa ngati mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi adzakhale pafupi nawo akadzakalamba, ndipo ine ndinawayankha ngati ndikulemba malikisi pa bolodi.

Ndikukuuza izi chifukwa iwe unatengera ine. Munthu akakufunsa kanthu umamupatsa yankho lolondola nthawi yomweyo, ndipo umadabwa akakhumudwa. Kwa alimi zaka zikubwerazi zidzakhala ndi masiku ambiri otere, oti mwamuna ndi mkazi ayima m'munda wakupsa kapena wokokoloka. A Lameki ndi munthu wofatsa, samayankha msanga, ndipo anthu otere mawu amawasunga. Tsiku lotere likadzafika usadzaname, bodza sindinakuphunzitse. Koma choonadi chikhoza kudikira mpaka mutafika kunyumba, mutamwa madzi. Uyambe wayima naye pamenepo kaye.

Tsopano za mundawo. Ndi wako. Amalume ako, monga mwini mbumba, ananena zimenezi pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo chitengwa sichikuchotsera malo a amayi ako. Koma ine ndakhala m'mudzi muno nthawi yaitali, ndaona mmene malire amayendera pamene mwini wake sakuoneka. Palibe amene amaba. Wina amangobwereka mizere iwiri chaka cha njala, wina n'kumangirirapo mbuzi, patapita zaka khumi ana amene anabadwa pambuyo amadziwa kuti pamenepo ndi pa uje. Asuweni ako ndi ambiri, minda ya kumtunda ikuchepa, ndipo njala ikulowa m'nyumba iliyonse. Sindikuwanena, inenso ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi. Ndiye uzibwera. Kamodzi pa chaka, ngakhale thiransipoti ikwere bwanji. Usamangoyimba foni. Ubwere, uyende ndi amalume ako ngodya zonse zinayi masana anthu akuona, ngakhale pakhale mchenga wokhawokha. Ukadzakhala ndi ana udzabwere nawo, adzaponde pamenepo. Ine ndine mkamwini, pa nkhani ya malo mawu anga amathera pakhonde. Amalume ako akukalamba, ndipo shuga akuwavuta.

M'mbali mwa mtsinje ndayambanso kubzala bango. Mizu ndinakapempha kwa Che Saidi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwabwera kudzagula zimene munawotcha?" Ndinati eya. Anakana ndalama, anandikumbira okha mitolo iwiri n'kundinyamulira pa njinga yawo. Theka mbuzi zadya. Theka lagwira, lafika m'chiuno. Ngati mvula ya chaka chino ibwere mwaulemu, likhoza kukhazikika. Ikabwera ngati ija, lipita, ndipo ndidzakapemphanso.

Sabata yatha kunabwera anthu a lole ochokera ku Zomba, amene amagulitsa mchenga kwa omanga nyumba. Akufuna wa m'munda mwako, akuti ndi woyera bwino. Amalume ako avomera, ine ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti ayambire mbali ya kunjira ndipo asayandikire kumadzi kupitirira pamene ndakhoma zikhomo. Avomera pakamwa, ndiye ndiziyima pomwepo akamakumba. Njira ina yochotsera mchenga wochuluka chotere palibe, ndi makasu athu sitingathe.

Amalume ako akuuza aliyense kuti pofika dzinja lino dothi lakuda lidzakhala litaonekera, ndipo chaka chamawa a Lameki adzabwera kudzalima. Ine ndayeza maenje aja, ndikudziwanso kukula kwa lole. Chaka chino sizitheka. Mwina zaka zitatu, mwina zinayi, ngati mtsinje subweretsa wina, ndipo dothi lokwiririka nthawi yaitali chotere silibereka msanga. Iwe ndakuuza chifukwa munda ndi wako, uyenera kudziwa poyambira. Amayi ako sindinawauze, ndipo ukamatsanzikana nawo usawauze.

Mawa tinyamuka tikangomwa tiyi. Amalume ako atenga chikwama chachikulu pa njinga, ife tiyenda pansi mpaka pa Songani kuti mupeze minibasi ya ku Liwonde isanadzaze. Lole yoyamba ibwera Lolemba m'mawa. Amayi ako andiuza lero, akupinda nsalu zako, osandiyang'ana, kuti Lolembalo akufuna kupita kukaona. Ndipita nawo. Ndiwanyamulira mpando, ndipo akandifunsa kanthu ndiyamba ndakhala chete.

Upite bwino, mwana wanga.

Ndine bambo ako.